Dayi Wofiira wa Kazembe Chiuli

Padangokhala, m'masiku amene nyama zinkapatsana maudindo ndi kukonzana ubweya ngati anthu, panali mayi wina dzina lake Kanyimbi. Musatseke mphuno. Kanyimbi wa nthawi imeneyo sanali uyu mumamuthawa leroyu. Anali wakuda bii kuyambira kumutu mpaka kumchira, wosalala, ndipo akadutsa panjira fungo la mafuta ake linkatsala m'mbuyo, amuna n'kumapotoza makosi. Ntchito yake inali yodaya ubweya. Analibe saluni. Ankagwirira pakhonde pake, apo ayi ankasenza dengu lake n'kupita kunyumba kwa amene wamuitana.

M'dengumo munkakhala dayi wowala wamitundumitundu, ndi mabotolo atatu a mankhwala oyera otchedwa divelopa: wofatsa, wapakati ndi waukali. Dayi wowala ali ndi mwano wake. Ukamupaka pa ubweya wakuda saoneka, amangomira. Umayamba wasakaniza divelopa ndi ufa wake, n'kupaka, n'kudikira kuti kuda kusuluke, kenako kutsuka msanga, dayi pambuyo. Ukachedwa kutsuka, divelopa akamaliza kudya kuda amayamba kudya ubweya, akamaliza ubweya amalowa pakhungu.

Odaya a dzikolo analibe wotchi, nthawi ankaiyeza ndi nyimbo. Inali nyimbo yonyengerera ubweya kuti usiye kuda kwake monga mwana amasiyira bere. Wodaya ankatsogolera, wodayidwa n'kumavomera, ndipo inkathera pa mawu oitanitsa madzi. Mawuwo akangomveka, mtsuko unkapendeka. Kanyimbi anaiphunzira kwa Gologolo, mnzake wa ponda apa nane ndipondepo.

Koma Gologoloyo anali atasowa. Anaitanidwa kunyumba kwa Chiuli, kazembe wa asilikali a Mfumu Nyalugwe, osabwerako. Kenako anaitanidwa Mbira, wodaya wina, nayenso osabwerako. Palibe amene anapita kukafunsa, chifukwa dzina la Chiuli ngakhale njoka zinkalitchula monong'ona.

Tsiku lina m'mawa kunabwera Nungu, msilikali wolondera pakhomo pa Chiuli.

"Odi kuno. Mayi Kanyimbi, a kazembe akuti mutenge dengu lanu."

"Ndadzuka ndi malungo, bambo."

"Anati mukanena za malungo ndikuuzeni kuti kwawo kuli mphasa."

Kanyimbi anasenza dengu, n'kumutsatira. Atafika, Nungu anamukankhira m'nyumba, n'kutseka chitseko, iye n'kutsala kunja. Chiuli anali atakhala pampando, wamfupi, wotambalala m'mapewa, wakuda thupi lonse. M'chiuno mwake munkalendewera matumba awiri a fodya osokedwa ndi zikopa. Limodzi linali ndi mchira wa ubweya wambiri, nsonga yake yachikasu. Nsonga imeneyo anaidaya ndi Kanyimbi yemwe, tsiku lina akuseka ndi mnzake pakhonde.

"Wawaona matumba anga?" anafunsa Chiuli.

"Ndi okongola, bwana."

"Lofewa ndi la Gologololi. La Mbira limalowa chinyezi. Tsono tamvera. Mfumu ikubwera kudzayendera asilikali posachedwapa. Ndikufuna msana wangawu, kuyambira pamphumi mpaka kumchira, ufiire ngati magazi otuluka kumene. Adani akandiona azikomoka ndisanawagwire."

"Ndiloleni ndiuone kaye ubweyawo, bwana."

Anaupatula ndi chipeso, ndipo m'munsi mwa ubweya wakudawo anaona imvi, osati imodzi kapena ziwiri. M'dzikolo munali lamulo lakuti kazembe akamera imvi azitula mkondo kwa mnyamata. Nkhani ya adani inali yongophimbira.

"Waona chiyani?" anafunsa Chiuli osatembenuka.

"Palibe, bwana. Ubweya wa mnyamata."

"Gologolo nayenso anatero. Kenako anatulutsa zoyera zonunkha zija kuti andipake. Ine ndine mwana? Poizoni ndimamudziwa ndi fungo. Mbira anachenjera, anangondipaka dayi yekhayekha, koma dayiyo sanaoneke ngakhale pang'ono. Iwe uchita bwanji?"

Apa ndiye panali povuta. Kupaka divelopa, imfa. Kusapaka, imfa. Koma mutu wa Kanyimbi sunagone.

"Bwana, wopereka mowa amayamba walawa yekha kuti alendo amwe ndi mtima umodzi. Zoyerazo ndiyamba ndapaka pamsana panga inu mukuona. Zikakhala poizoni, ndifa ndekha, simuvutikanso n'kundipha."

Chiuli analoza dengu lija. "Paka."

Kanyimbi anatenga divelopa wofatsa, anasakaniza ndi ufa m'kambale, n'kudzilemba mzere umodzi pamsana. Anayamba nyimbo, n'kupempha kuti bwana azivomera poti ndiwo mwambo wake. Chiuli ankavomerera kukhosi ngati wokakamizidwa kupepesa. Nyimbo itafika poitanitsa madzi, Kanyimbi anatunga mumtsuko umene unali pakona, natsuka. Mzere uja unali utasanduka wodera. Atapakapo dayi wofiira, unatuluka mtundu wa chiwindi chogona.

"Ndati magazi, osati chiwindi," anatero Chiuli, dzanja likusisita thumba la Gologolo.

"Uyu anali wofatsa, bwana. Alipo wina woposa apa. Koma khungu liyambe lapuma, tikaphatikiza lero lomwe zotsatira zake zinama."

Chiuli anamumangirira kunsanamira ya m'nyumbamo, n'kumuponyera chinangwa chouma. Kanyimbi sanadye. Maso ake ankangobwerera pamchira wa nsonga yachikasu uja.

Kutacha, Chiuli atamumasula, Kanyimbi anatenga divelopa wapakati, nadzilemba mzere wachiwiri pambali pa woyamba. Uyu ankaluma ngati linthumbu. Anayamba nyimbo ija, ndipo anadabwa kumva kazembe akuvomera mokweza, phazi likugunda pansi. Nyimbo inali itamulowa. Si zachilendo, munthu woopedwa ndi aliyense amakhala alibe woimba naye. Madzi atathiridwa, mzere unali wachikasu ngati nthochi yakupsa, ndipo dayi atalowa unafiira ngati phwetekere.

"Adani anga si amayi ogula ndiwo pamsika," anatero Chiuli. "Alipo wina?"

"Watsala waukali, bwana. Koma ameneyo ndi moto."

Chiuli anadzuka, anabwera pafupi, n'kuika chikhatho chake pamsana pa Kanyimbi. Anayeza m'litali, anayeza m'lifupi, anatsina khungu kuti amve kufewa kwake.

"Mawa ulembe kamzere kakang'ono," anatero mofatsa. "Ukuononga chikopa chabwino."

Kanyimbi anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire. Tsopano anadziwa kuti ngakhale msana wa kazembe utafiira kuposa magazi, amene waona imvi zija satuluka m'nyumbamo ndi miyendo yake. Anali kale thumba lachitatu, kungoti linali lisanasokedwe. Analira mosatulutsa mawu, misozi itatha anayamba kuyang'anayang'ana. Anayang'ana chitseko, chimene kuseri kwake kunkamveka minga ya Nungu ikukhulana. Anayang'ana mtsuko wa pakona. M'nyumba monsemo madzi anali omwewo, poti Chiuli sankalola wantchito aliyense kulowa.

M'mawa mwake ng'oma zinayamba kulira kubwalo. Linali tsiku lomwelo loti mfumu iyendere asilikali.

"Fulumira," anatero Chiuli.

Kanyimbi anatsekula botolo la divelopa waukali, fungo lake n'kudzaza nyumba, lolasa m'mphuno. Kamzere kakang'ono kaja sanakalembe. Anadzipaka mizere iwiri yonenepa, wina n'kutayikira kumchira ngati mwangozi. Mumtima anati, ngati n'kufa, afune kwina kosungira fodya wake. Mankhwalawo anamuwotcha ngati tsabola wa kambuzi pabala. Nyimbo anaiimba mothamanga, misozi ili chuchuchu, natsuka. Mizere inali yoyera mbee ngati thonje. Atapakapo dayi, ngakhale iye mwini anadzidzimuka. Zinkaoneka ngati wang'ambidwa ndi mpeni.

Chiuli anaiwala za chikopa choonongeka. Anaseka koyamba, mano onse pamtunda.

"Ameneyo. Paka msana wonse."

"Ndipaka, bwana. Koma mwaona nokha kuti ubweya usanafiire umayamba wayera. Kwa kanthawi mudzaoneka ngati nkhalamba yotheratu. Chitseko chanuchi chili ndi ming'alu, ndipo a Nungu ali ndi maso."

Chiuli anapita kuchitseko, osatsekula. "Nungu, pita kubwalo. Ukauze mfumu kuti ndikubwera ndi chinthu chimene sinachionepo."

Minga ya Nungu inamveka ikupita kutali.

"Chinanso, bwana, taonani maso angawa mmene afiirira. Mpweya wa mankhwalawa umapha maso. Ine wodaya ndingachite khungu, palibe angadandaule. Koma kazembe wakhungu?"

"Undimange nsalu kumaso kuti uthawe?"

"Ndimangeni chingwe kumwendo, mbali inayo mumange padzanja lanu. Mukakoka mudzamva kuti ndilipo."

Chiuli anaganiza, anaona kuti nzeruyo ndi yabwino moti ikanayenera kukhala yake. Anamanga mfundo yolimba pamwendo wa Kanyimbi, ina padzanja lake. Anavula matumba a fodya aja kuti asadonthere mankhwala, n'kuwakoleka pamsomali wa kukhoma.

"Nyimbo muitsogolere ndinu, bwana," anatero Kanyimbi akutsokomola. "Ine mawu apsa, ndipo ndimanga nsalu pakamwa. Mukafika poitanitsa madzi ine osavomera, ndiye kuti nthawi sinakwane, muyambirenso. Ubweya wanu ndi wachimuna, si wofewa ngati wangawu. Koma mukamva kuwotcha munene, nditsuke pompo. Palibe manyazi, ngakhale ine mwandiona ndikulira."

"Iwe ndiwe mkazi. Kazembe sanena kuti kwawotcha."

Mawu amenewo ndi amene Kanyimbi ankawadikira. Anamumanga nsalu kumaso. Anakhuthulira botolo lonse m'mbale, n'kupaka mosaumira, kuyambira pamphumi, kudutsa pakhosi, msana wonse mpaka kumchira. Chiuli anayamba kuimba ndi mawu ake okhuthala, kunyengerera ubweya wake kuti usiye kuda.

Kanyimbi anagwada n'kuyamba kumasula mfundo. Inali mfundo ya msilikali. Anaiyesa ndi zikhadabo, inakana. Anailuma ndi mano. Itangoyamba kulekerera, chingwe chinakokedwa mwadzidzidzi. Anachigwira ndi manja onse awiri n'kulimba nacho. Chiuli anamva kulemera, anapitiriza kuimba. Kanyimbi anakwawa ndi chingwecho mpaka pakona, nachimangirira pakhosi pa mtsuko wolemera wa madzi uja.

Anafika pachitseko. Dzanja linali kale pa mpiringidzo pamene anacheuka n'kuona mchira wa nsonga yachikasu ukulendewera kukhoma. Msomaliwo unali pafupi ndi phewa la Chiuli. Nzeru zinkati pita, koma mtima unakana kumusiya mnzake m'nyumba imeneyo. Anabwerera chonyang'ama. Atangotambasula dzanja, nyimbo inaduka.

"Kanyimbi."

Anauma pomwepo, dzanja lili m'mwamba. Ankamva mpweya wa Chiuli ukumuwomba pamkono. Chiuli ananunkhiza uku ndi uku, koma m'nyumba monse fungo linali limodzi, la divelopa. Anakoka chingwe pang'ono. Mtsuko unalimba.

"Ulipo," anadziyankha yekha. "Ndafika pamadzi, sunavomere. Chabwino."

Anayambiranso nyimbo. Kanyimbi anakolola matumba onse awiri, natuluka, dengu lake n'kulisiya momwemo.

Kuthamanga kunamukanika chifukwa cha ululu wa pamsana. Anagwera muuna wakale m'mbali mwa njira yopita kuchitsime, njira yomwe inkadutsa pabwalo pamene asilikali anali atandanda. Ali momwemo ankaimva nyimbo ija ikutuluka m'nyumba. Inkafika poitanitsa madzi, kunkakhala zii, n'kuyambiranso. Inafikanso, zii, n'kuyambiranso. Mawu okhuthala aja anayamba kuonda. Kenako sinalinso nyimbo yonyengerera ubweya, kunangotsala mawu oitanitsa madzi okhaokha, obwerezedwa mothamanga ngati pemphero la womira. Komabe mkuluyo sananene kuti kwawotcha.

Pamapeto pake anakoka chingwe ndi mphamvu zake zonse kuti amukhwekhwereze wodayayo. Kunamveka phwaa. Mtsuko unasweka, madzi onse n'kumwedwa ndi dothi.

Chitseko chinathyoka. Chiuli anatuluka nsalu ili m'khosi, chingwe chikukoka khosi la mtsuko m'mbuyo mwake. Anabwera molunjika pa una uja, ndipo Kanyimbi anatseka maso n'kukumbatira matumba a anzake. Phazi linaponda pakamwa penipeni pa unawo, dothi n'kumugwera kumaso. Koma Chiuli sanamve fungo la wina aliyense, lake lomwe linali litamutseka mphuno. Anadutsa, ulendo wa kuchitsime.

Ng'oma zinaleka. Asilikali onse anatembenuka kuyang'ana chinthu chothamangacho, chakuda kumimba, choyera mbuu kuyambira pamphumi mpaka kumchira. Akuluakulu amati mnzako akapsa ndevu m'zimire, koma pabwalo lonselo Chiuli analibe mnzake. Palibe anathamangira madzi.

"Agogo awa achokera kuti?" inafunsa Mfumu Nyalugwe.

"Ndi a kazembe, mfumu," anayankha Nungu, maso ali pansi.

"Ndiye chinthu chija anati sindinachionepo?"

Chiuli anaima, thupi lonse likuphiriphitha. "Si imvi izi, mfumu. Ndi mankhwala. Dayi sanapakidwe."

"Dayi wa chiyani? Mumafuna kubisa chiyani, a kazembe?"

Chiuli anaphimba pamphumi ndi chikhatho.

"Mankhwala amatsukika," inatero mfumu. "Katsukeni, tikudikira."

Anakatsuka. Ubweya wina unatsala m'manja mwake ngati udzu wonyowa, wotsala pamsanawo sunabwerere kuda. Tsiku lomwelo mkondo unaperekedwa kwa wina. Chiuli anadikira kuti mwina womera kumene udzakhala wakuda, koma mankhwala anali atafika kumizu, ndipo unamera woyera. Khungu la pamsanapo linafa, moti mpaka lero njuchi zimamuluma iye osamva kanthu. Amayenda yekha, wolusa, akukumba una uliwonse umene waupeza. Anthu amati amafuna uchi ndi mbewa, koma ife tikudziwa amene amamufuna.

Kanyimbi anakakwirira matumba awiri aja mwaulemu, n'kuwaimbira nyimbo yonse mpaka kumapeto, nathira madzi pamtumbira. Dayi wofiira wa pamsana pake anasuluka ndi mvula, monga amachitira dayi wowala aliyense, koma mizere ya divelopa inatsala, ndipo m'kupita kwa nthawi yonse inayera. Fungo lija nalo linamulowa m'thupi. Anasamba ndi sopo, anadzola mafuta ake onse, osatheka. Amene ankabwera pakhonde pake anayamba kudutsira patali, amuna opotoza makosi aja n'kumapotozera kwina. Zinamuwawa kwambiri, poti anali mayi wokonda kutamandidwa.

Tsiku lina Nungu anakumana naye panjira, anaima chapatali atagwira mphuno.

"Pepani mayi, munali wokongola. Tsopano chikopa chanucho angachifune ndani?"

Kanyimbi anacheuka, anayang'ana mizere yake, n'kuisalaza ndi dzanja.

"Palibe, bambo," anatero. "N'chifukwa chake ndikadali m'kati mwake."

Yathera pamenepa. Amene anasiya mbatata pamoto akaiphule, asadikire wina kuti amuvomere.